Makina a mbuliwuli: zimene ndimapeza ndikawamasula

Mu Okutobala chaka chathachi, dzuwa likuswa mtengo, mayi wina anafika pa shopu yanga atapanira katoni kukhwapa. Sanadikire n'komwe kuti ndiwapatse mpando. Anatula katoniyo pa tebulo limene ndimakonzerapo maketulo, masimbi ndi mahotipuleti, n'kuyamba kudandaula.

"Amisiri, makina awa angondidyera ndalama. Sanathe miyezi iwiri chiwagulireni, koma ndikathira chimanga, theka limatsala lili gwa, losaphulika."

Ndinawamasula n'kuyeza elementi ndi mita, ndipo inali bwinobwino. Fani nayo inkazungulira mwamphamvu. Kenako ndinatapa chimanga cha m'botolo limene ndimasunga pa shelefu poyesera makina otere, n'kuthiramo. Pasanathe mphindi zitatu beseni linali litadzaza, ndipo njere zotsala sizinakwane khumi. Mayiwo anagwira pakamwa. Nditawafunsa za chimanga chawo, anati anagula cha m'kajumbo kumsika, ndipo chakhala pa windo la kukhitchini kuyambira mu Ogasiti. Chinali chitauma mopitirira, basi.

Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza zipangizo zamagetsi za kukhitchini, nkhani ngati imeneyi ndakumana nayo kambiri. Anthu amaganiza kuti mphamvu yophulitsa mbuliwuli ili m'makina, n'chifukwa chake pogula amathamangira okwera mtengo ndi onyezimira. Chimene chimaphulitsa njere ndi timadzi tili mkati mwa njereyo. Munthu akamvetsa zimenezi, kusankha makina sikumuvutanso.

Chimanga cha mbuliwuli ndi mtundu pawokha. Njere zake ndi zazing'ono, zolimba, ndipo khungu lake ndi lochindikala moti nthunzi siidutsa msanga. Mkati muli ufa wothinana ndi madzi okwana pafupifupi magawo 14 pa magawo 100 alionse a kulemera kwa njereyo. Njere ikatenthedwa kupitirira madigiri 100, madzi aja amafuna kutuluka ngati nthunzi koma amasowa njira. Amafewetsa ufa uja mpaka kukhala ngati phala lotentha, kwinaku akukankha khungu kuchokera mkati ndi mphamvu yoposa pafupifupi kanayi ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Kutentha kukafika cha m'ma madigiri 180, khungu limang'ambika, phala lija limafufuma nthawi yomweyo ngati thovu, n'kuzizira n'kuuma lili chifufumire. Choyera chimene timadyacho ndi thovu louma limeneli, ndipo chimanga chabwino chikhoza kukula kufika ka 40 poyerekeza ndi mmene chinalili.

Mu 2015 akatswiri awiri a sayansi a ku France, Emmanuel Virot ndi Alexandre Ponomarenko, anaika njere mu uvuni n'kumakweza kutentha pang'onopang'ono. Pa madigiri 170 zinaphulika njere 34 zokha pa 100 zilizonse. Pa madigiri 180 zinaphulika 96. Kusiyana kwa madigiri 10 okha kunasintha zonse. Anapezanso kuti phokoso lija la "phu!" limachokera ku nthunzi imene ikutuluka mwadzidzidzi, ndiponso kuti njere imadumpha chifukwa ufa woyamba kutuluka umapanga kamwendo kamene kamakankha pansi pa poto.

Apa m'pamene chimanga chathu cha nsima chimasiyanirana nacho. Amene anakula akukazinga chimanga pa phale amadziwa kuti njere zina zimathetheka n'kuyasama pang'ono, koma sizifufuma, chifukwa khungu lake limataya nthunzi isanakwane mphamvu. Palibe makina a kukhitchini, ngakhale a mtengo wotani, amene angasandutse chimanga cha m'nkhokwe kukhala mbuliwuli. Ndipo mbewu yodzala yopaka utoto ija ili ndi mankhwala, siyoti munthu ayese kukazinga.

Ntchito ya makina ndi yochepa kwambiri. Afikitse njere pa madigiri 180 mwachangu, azizitakasa kuti zisapse mbali imodzi, ndipo nthunzi ikhale ndi potulukira kuti zimene zaphulika kale zisanyowe n'kusanduka zotafuna ngati labala. Moto ukachepa, nthunzi imadontha pang'onopang'ono pa nsonga ya njere pamene inalumikizana ndi chitsononkho, ndipo njereyo imauma osaphulika. Moto ukachuluka mopitirira, kunja kumapsa mkati musanafewe, ndiye mumapeza timbuliwuli tating'ono tolimba pakati. Anthu akale a ku gombe la kumpoto kwa dziko la Peru, pamalo otchedwa Paredones ndi Huaca Prieta, ankadya chimanga chophulika zaka pafupifupi 6,700 zapitazo, asanayambe n'komwe kuumba mbiya. Zonse zimene zapangidwa kuchokera nthawi imeneyo ndi njira zosiyanasiyana zochitira ntchito yomweyo.

Makina amene amabwera kawirikawiri pa tebulo langa ndi a mpweya wotentha, amene anatchuka ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Amaoneka ngati jagi yaitali yapulasitiki yokhala ndi mlomo pamwamba. Mukawamasula mumapeza zinthu zochepa: waya wopotana wa nichrome amene ndiye elementi, fani, kamota kakang'ono, themositati ndi fyuzi ya kutentha. Fani imauzira mpweya kudutsa pa waya wofiirayo, mpweyawo n'kumazunguza njere m'kachitini kachitsulo mpaka zitaphulika. Zophulika zimapepuka, ndiye mphepo imazinyamula n'kuzitulutsira kumlomo. Ambiri mwa makinawa amadya mawati cha m'ma 1,200 ndipo amamaliza ntchito pa mphindi ziwiri kapena zitatu.

Ubwino wake ndi woti safuna mafuta, ndipo kutsuka kwake n'kungopukuta ndi kansalu. Koma wogula adziwiretu zinthu zingapo zimene wogulitsa sanena. Mbuliwuli zake zimatuluka zouma, mchere sumamatira, umangogwera pansi pa mbale, ndiye ambiri amamaliza n'kuthira batala wosungunula pamwamba, mafuta aja amawathawa n'kubwerera. Njere zing'onozing'ono zimauluka zisanaphulike. Phokoso lake limafanana ndi la makina owumitsira tsitsi ku saluni. Ndipo m'kachitini muja simuyenera kulowa mafuta, shuga kapena mchere. Shuga akasungunuka amatsikira pa elementi n'kutseka timabowo todutsa mpweya, ndipo fungo la utsi wake silichoka.

Posankha amtunduwu, suzumirani m'kachitini. Ena ali ndi timabowo m'mbali mozungulira, moti mpweya umazunguza njere ngati kamvulumvulu. Ena ali ndi kasefa pansi, mpweya n'kumaomba cholunjika m'mwamba. Kwa ine, a timabowo ta m'mbali ndiwo amataya njere zochepa.

Vuto limene limawapha kawirikawiri ndi kuwagwiritsa ntchito mosalekeza. Anapangidwa kuti akamaliza kamodzi apume mphindi khumi kapena kuposerapo. Pa phwando la tsiku lobadwa la mwana anthu amathira kasanu motsatizana, kutentha kumadzadza m'kati, fyuzi ya kutentha n'kuduka. Kafyuzi kameneka n'kotchipa, ndipo kusintha kwake ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chimene chimandipweteka mtima ndi kupeza kuti wina, pofuna kuti makina ayake msanga, wachotsa kafyuziko n'kulumikiza ndi waya wamba. Makina amayaka ndithu, koma chitetezo chomaliza chachoka. Tsiku limene fani idzaime elementi ikadali yoyaka, pulasitiki idzasungunuka ndipo moto ukhoza kubuka m'khitchini. Mukapereka chipangizo chilichonse chotenthetsa kwa mmisiri, muzipempha kuti akuonetseni fyuzi yakale ndi yatsopano imene waikamo.

Mtundu wachiwiri ndi wa mbale yamagetsi yokhala ndi kawaya kotakasa. Pansi pali mbale yotentha, pakati kachitsulo kozungulira pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi, pamwamba chivundikiro chachikulu choonekera mkati chimene mukachitembenuza chimasanduka mbale yodyera. Awa amafuna mafuta pang'ono, ndipo mbuliwuli zake zimakoma ngati za pa poto chifukwa mchere umalowerera limodzi ndi mafutawo. Chofooka chake chili m'magiya. Kamota kake kamayendetsa kawayako kudzera m'timagiya tapulasitiki, ndipo shuga akauma pa mbale n'kugwira kawayako, mano a magiya amathothoka. Magiya otere sapezeka m'mashopu athu, moti makina otere akafa mbali imeneyi, nthawi zambiri afa ndithu. Chinanso ndi utoto wakuda woletsa kumatirira. Ukakwechedwa ndi waya wotsukira mapoto kapena mchenga umasupuka, ndipo ukatenthedwa popanda kanthu kupitirira madigiri 260 umayamba kuwonongeka n'kutulutsa utsi woipa. Ngati mwasankha mtundu umenewu, funani amene mbale yake imachoka kuti muzitsuka payokha. Ambiri amene ndakonza anafa chifukwa madzi otsukira analowa ku mawaya.

Pali ena amene amakopeka ndi bokosi lagalasi lija timaliona pa depoti, pa geti la sukulu ndi m'mashopu akuluakulu, lokhala ndi kapoto kolendewera m'mwamba ndi babu lounikira. Gwero lake ndi Charles Cretors wa ku Chicago, amene mu 1885 anayamba kupanga makina oyendera nthunzi okazingira mtedza ndi mbuliwuli, ndipo mu 1893 anawaonetsa pa chionetsero chachikulu cha dziko lonse chimene chinachitikira mumzindawo. Nzeru yake inali yophulitsira chimanga m'mafuta kwinaku chitsulo chikutakasa, ndipo ndi yomweyo imene ili m'mabokosi a lero. Kukula kwake amakuwerengera pa maaunsi: akalemba kuti 8 oz ndiye kuti kapotoko kamalandira magalamu pafupifupi 227 a chimanga nthawi imodzi. Kwa wochita geni, makinawa ndi chuma, chifukwa amapirira kugwira ntchito tsiku lonse ndipo pansi pake pamakhala pofunda kuti mbuliwuli zisazizire. Kwa banja la anthu asanu ndi mmodzi limene limadya mbuliwuli Loweruka madzulo, ndi katundu wongodzaza malo. Kapoto kake kali ndi elementi mkati, sikaviikidwa m'madzi, ndipo mafuta akapsereramo kupukuta kwake kumatenga nthawi yoposa imene munadyera.

Za microwave ndinene mwachidule. Percy Spencer, injiniya wa kampani ya Raytheon amene anatulukira mu 1945 kuti mafunde a radar akhoza kuphika chakudya, anayesera nzeru yakeyo pa chimanga cha mbuliwuli. Amene ali nayo kale microwave safunika makina ena. Mbale yagalasi yopirira moto kapena ya silicone yokhala ndi chivundikiro cha timabowo imakwanira. Timapaketi tokonzeratu tija timadula kwambiri poyerekeza ndi chimanga chogula pa kilogalamu. Mankhwala opereka fungo la batala otchedwa diacetyl anadwalitsa mapapo ogwira ntchito pa fakitale ina ya timapaketi totere ku Missouri cha m'ma 2000, ndipo makampani akuluakulu a ku America anasiya kuwagwiritsa ntchito cha m'ma 2007.

Tsopano nkhani ya magetsi, imene ndi ntchito yanga yeniyeni. Musanayang'ane mtundu kapena kukongola, tembenuzani makinawo muwerenge kachikwangwani ka pansi. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230. Makina ochokera ku Britain amagwira bwino, ndipo pulagi yake ya mano atatu aphwanthiphwanthi ndi yomwe tili nayo kuno. Ochokera ku South Africa mavoti ake ndi omwewo, kungoti pulagi yake ili ndi mano obulungira, ndipo ndi bwino kuidula n'kuika ina yokhala ndi fyuzi kusiyana ndi kudalira adaputala yogwedera. Ochokera ku America ndiwo amalira maliro. Kumeneko magetsi ndi a mavoti 120, ndipo elementi yopangidwira mavoti amenewo ikalandira 230 imatentha pafupifupi kanayi kuposa mmene inayenera. Bambo wina anabwera ndi makina amene mwana wawo anawatumizira kuchokera kumeneko. Atangowalumikiza, anawala kamodzi, utsi tolo. Anandifunsa ngati thiransifoma ikanathandiza. Ikanathandiza, koma thiransifoma yonyamula mawati 1,200 ndi yolemera ndipo mtengo wake umaposa wa makinawo.

Ambiri amaopa kuti makinawa amatha mayuniti. Tiyeni tiwerenge. Mawati 1,200 kwa mphindi zitatu ndi 0.06 ya yuniti imodzi, kutanthauza kuti yuniti imodzi ikhoza kukuphulitsirani mbuliwuli ka 16. Ndalama ya magetsi si vuto. Vuto ndi kuchuluka kwa mphamvu imene amakoka nthawi imodzi. Mawati 1,200 pa mavoti 230 ndi maampu opitirira pang'ono asanu, ndipo timaekisitenshoni totchipa ta mawaya opyapyala ngati ulusi timatentha n'kusungunuka, makamaka ngati pomwepo palinso ketulo. Amene amadalira sola ayang'ane kaye invata yawo. Invata ya mawati 500 kapena 1,000 imene imayatsa mababu ndi wailesi yakanema bwinobwino imazima kapena kupsa ikakumana ndi chipangizo chotenthetsa chotere.

Ndiye pali funso limene ndimafunsa aliyense wobwera kudzafuna malangizo: kodi nthawi imene ana amafuna mbuliwuli, magetsi amakhala alipo? Kwa mabanja ambiri yankho limatengera tsiku. N'chifukwa chake munthu akandifunsa chimene ine ndingagule, ndimatchula chipangizo chimene sichidzabwera konse pa tebulo langa. Ndi poto wopepuka wokhala ndi chivundikiro cha timabowo ndi chopukusa chapamanja chimene chimazunguza kawaya pansi. Wodziwika kwambiri ndi Whirley-Pop wa ku Indiana, koma pali ena ambiri opangidwa mofanana. Amagwira pa gasi, pa hotipuleti ndi pa mbaula. Amatakasa njere, amatulutsa nthunzi, ndipo mulibe waya woti n'kupsa. Pogula muyang'ane magiya a pa chivundikiro, ndipo achitsulo ndiwo amakhalitsa.

Ngakhale poto wamba wa m'nyumba, bola akhale wochindikala pansi ndi wa chivundikiro, amachita zonsezi ngati manja akudziwa. Thirani masupuni aakulu awiri kapena atatu a mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a soya, muponyemo njere zitatu, muvundikire. Zitatuzo zikaphulika, ndiye kuti mafuta afika pa kutentha koyenera. Thirani theka la kapu ya chimanga, chimene ndi magalamu pafupifupi 100, chongokwanira kuyala pansi pa poto popanda kusanjikizana. Chivundikiro chikhale chotsegula pang'ono mbali imodzi, ndipo muzigwedeza poto pafupipafupi. Kuphulika kukayamba kutalikirana, masekondi awiri kapena atatu pakati, phulani msanga n'kukhuthulira m'beseni. Batala ndi majarini musayambire nazo pamoto, chifukwa batala amapserera asanafike n'komwe pa madigiri 180 ndipo majarini ali ndi madzi ambiri. Zimenezi zimathiridwa pomaliza. Mchere usinjeni mu mtondo ukhale ngati ufa, umamatira bwino kuposa wa mibulu. Pa mbaula dikirani makala afiire, malawi atatha.

Chenjezo limodzi limene silikhudza makina: madokotala a ana amalangiza kuti mwana wosakwana zaka 4 asapatsidwe mbuliwuli, chifukwa timakoko ndi njere zosaphulika zikhoza kumutsamwa. Akulunso asamale mano ndi njere zotsalira pansi pa mbale.

Amene mtima wawo wakhazikika pa makina amagetsi, m'shopu muzipempha kuti awayatse muli pompo. Mvetserani fani ngati ikukhula penapake. Gwirani chingwe muone ngati ndi chonenepa bwino, ndipo pulagi ikhale youmbidwa molimba. Chivundikiro chapulasitiki yopyapyala yochita phokoso mukaifinya chimapindika ndi kutentha pasanapite miyezi yambiri. Yang'anani ngati pansi pali zomangira wamba zoti mmisiri angamasule, chifukwa ena amamatidwa ndi guluu moti kutsegula kwake n'kuswa. Ngati pali switchi yozimitsira ndi bwino kwambiri, popeza ena amayaka mukangolowetsa pulagi, ndipo magetsi akazima n'kubweranso mwini ali panja amayamba okha. Risiti isungeni.

Chimanga chokha chimafuna chisamaliro choposa makina. Chigulidwe chochepa, cha njere zonyezimira zopanda ming'alu ndi zopanda mabowo a anankafumbwe, chifukwa njere yoboola imataya nthunzi yonse. Chisungidwe m'botolo lagalasi kapena lapulasitiki lotseka bwino, pamalo pozizira bwino mopanda dzuwa. Mufiriji musaikemo chosatseka, mpweya wa mmenemo umaumitsa. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene mphepo ili youma, kajumbo kopyapyala sikateteza kanthu, ndipo m'nyengo ya dzinja vuto limatembenuka, chinyezi chimachuluka n'kubweretsa chuku. Chimanga chachuku ndi chotaya, chifukwa poizoni wa aflatoxin amene chuku china chimapanga satha ndi moto wa pa poto.

Mayi aja a katoni ndinawauza kuti chimanga chawo chikhoza kutsitsimuka. Athire m'botolo la lita imodzi mpaka magawo atatu mwa anayi, awonjezere supuni yaikulu imodzi ya madzi, atseke, ndipo azigwedeza kangapo pa tsiku mpaka madziwo atalowerera. Pakatha masiku atatu kapena anayi ayese njere zochepa, ndipo ngati zikukanabe awonjezere theka la supuni, osapitirira apo poopa chuku. Sindinawalipiritse kanthu chifukwa palibe chimene ndinakonza. Patatha sabata anatuma mnyamata wawo wa yunifolomu ya pulayimale, atanyamula kajumbo kodzaza ndi mbuliwuli zothira mchere.

"Amayi akuti mulaweko, ndi chimanga chomwe chija," anatero mnyamatayo, akupereka ndi manja awiri.